Zovala za Tsiku la Alendo

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1974, achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1981, koma analekezera panjira bambo awo atamwalira. Mu 1996 anamanga banja ndi mayi akhala pafupi ndi bokosiwa.

Mu 2003 analembedwa ntchito yopopera mankhwala pa famu ya maluwa ogulitsa kumayiko olemera. Anzawo ankangowatchula kuti a Pampu, poti pampuyo sinkachoka kumsana. Ankapopera m'mashedi apulasitiki, zitseko zili zotseka, atangomanga kansalu pamphuno. Tinadzamva mochedwa kuti kumene amapanga mankhwalawo anawaletsa kalekale, n'kumawatumiza kuno.

Kamodzi pachaka ogula maluwa ankatuma anthu awo kudzaona ngati antchito akusamalidwa. Tsiku limenelo malemu ankapatsidwa ovolosi yatsopano, magolovesi, jombo ndi chophimba kumaso. Galimoto ya alendo ikangotuluka pageti, kapitawo ankalandira zonse n'kukazitsekera. Malemu ankaseka nazo, amati iwo ndi mkwati wa chaka ndi chaka. Mu 2015 alendo anawajambula atavala choncho, chithunzicho n'kuchisindikiza pa makatoni a maluwa.

Chifuwa chinayamba mu 2021. Chaka chotsatira anawapumitsa ntchito, poti ankatsokomola mpaka kukhala pansi. Atisiya Lachiwiri, pa 6 Febuluwale 2024.

Ena anatipempha kuti tingoti anadwala nthawi yaitali. Mayi akanitsitsa. Adokotala anati mapapo anapsa ndi mankhwala, ndiye tanena. Misozi yoti tilire nayo sitikuionanso, tangoti kakasi.

Chithunzi chili pabokosicho tachidula pa katoni. Tinasakasaka m'nyumba monse, china chachikulu sitinachipeze. Mutikhululukire kuti nkhope yawo sikuoneka.

Asiya mayi, ana anayi ndi zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza anansi, a kwaya, okumba manda, ndi anzawo a kuntchito omwe ankasinthana kuwanyamula popita kuchipatala. Nkhata ya maluwa yochokera kwa mabwana tailandira, ili panjapo.

Mwana wawo woyamba, amene wagwirizira amayi akeyo, ndiye anapatsidwa pampu ija bambo ake atapumitsidwa. Amupatsa masiku atatu a maliro. Lolemba akubwerera, ndipo alendo abweranso chaka chamawa.

Bambo athu, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.