Chitenje cha Apongozi Anga

Ndine mayi wa ku Chawama, ndipo ndalemba kalatayi ku wailesi mtima uli wotopa. Amuna anga kwawo ndi ku zilumba za Bangweulu, kumene amati nyama zimadya msipu m'madzi. Apongozi anga ndinali ndisanawaonepo. Ndinawagulira chitenje, chikwama ndinalonga katatu. Katatu konseko kunagwa maliro m'komboni mwathu, ndipo wophika pamaliro kumpingo kwathu ndine.

"Anthu adzati chiyani tikachoka?" ndinkatero kwa amuna anga.

Iwo ankangoti, "Amayi akudikira."

Mwezi watha tinakweradi bwato lopita kuzilumbako, koma kupita kukaika apongoziwo. Nyamazo ndinazidutsa osadzutsa mutu. Chitenje chija ndinavala ndekha kumanda.

Omvera anzanga, ndinasamala maliro a eni, n'kusiya munthu wamoyo akundiyembekeza.