Pulofesa Pyo Eun-sil, Amene Ankati Kayesenso

Malemu Pulofesa Pyo Eun-sil, achemwali anga amene tikuwaperekeza m'mawa uno, anabadwa pa 9 Malichi 1962 ku Masan. Anali oyamba mwa ana atatu. Bambo athu ankakonza mainjini a maboti a asodzi, ndipo malemu anakula manja ali bii ndi girisi.

Mu 1981 analowa yunivesite kukaphunzira uinjiniya wa makina, mtsikana yekhayekha m'kalasi monse. Atamaliza anayamba ntchito pafakitale ina ya zipangizo za galimoto ku Changwon. Kumeneko anadziwana ndi bambo Ok Jae-hwan, ndipo anamanga banja mu 1987.

Chaka chotsatira, makina atsopano oyendetsedwa ndi kompyuta anangoima pafakitalepo. Odziwa zitsulo ankati vuto lili m'kompyuta, odziwa kompyuta ankati lili m'zitsulo. Ali mkati molozana zala, ogula katundu anapita kwina, ndipo antchito ambiri anachotsedwa, ena mwa iwo anzawo odya nawo pamodzi masana. Zinawapweteka malemu. Anasiya ntchito, mwana ali kumsana, n'kubwerera kusukulu kukaphunzira zonse ziwiri.

Kumeneko ankangowaponyerana. A zamakina ankawatumiza kwa a zamakompyuta, awo n'kuwabwezanso. Mkulu wina anawalangiza kuti asankhe kumodzi, poti mapanga awiri avumbwitsa. Iwo anayankha mwaulemu kuti makina a m'fakitale alibe mapanga awiri, ndi chinthu chimodzi. Digiri yaudokotala anailandira mu 1996.

Mu 1999, ali mphunzitsi payunivesite, anayambitsa maphunziro apamwamba ophatikiza mbali ziwirizi. Lamulo lawo linali louma: wophunzira asalandire digiri mpaka chimene wapanga chitagwira ntchito m'fakitale yeniyeni, m'fumbi ndi m'phokoso. Ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Kayesenso, chifukwa ndiwo mawu amene ankawamva kawirikawiri. Mu 2009 akuluakulu a yunivesite anafuna kutseka maphunzirowa, ati ophunzira akuchedwa kumaliza. Malemu anafika kumsonkhano ndi eni mafakitale ang'onoang'ono, ovala maovolosi awo, nakhala nawo m'khonde mpaka ganizolo litasinthidwa.

Mu Novembala 2023 anawapeza ndi khansa ya kapamba. Anali atatsala ndi wophunzira mmodzi, Seol Da-hye, amene ankapanga pulogalamu yomvetsera kulira kwa makina n'kuchenjeza asanawonongeke. Kusukulu inkagwira bwino, koma kufakitale inakanika kawiri. Tsiku lina Da-hye anafika kuchipatala ndi zipatso, misozi ili chuchuchu, kudzanena kuti akusiya. Ine ndinalipo. Achemwali anamuyang'ana nati, "Iwe, wodwala ndine, ndiye wogonja akhale iweyo? Siya zipatsozo apo, ukwere basi ukayesenso."

Anakayesanso, ndipo m'mwezi wa Okutobala chaka chino pulogalamuyo inachenjeza molondola za makina amene anali pafupi kuthyoka. Malemu atamva, sanamuyamikire pamaso. Anangopempha alamu anga, bambo Ok, kuti awakweze pilo, awerenge lipotilo okha.

Anatisiya pa 10 Disembala 2024, ali ndi zaka 62. Asanatseke maso anatilamula kuti tsiku loti Da-hye akaime pamaso pa omuyesa kuti alandire digiri lisasunthidwe, ngakhale litagwera pa maliro awo. Lagweradi lero. Choncho mukaona kuti mwana ameneyu sali pakati pathu, musamuweruze. Dzulo anabwera, anafukiza lubani, anagwada kawiri, ndipo panopa ali m'chipinda choyeseramo kuyankha mafunso.

Malemu asiya amuna awo bambo Ok Jae-hwan, ana awiri, Min-gyu ndi Seul-bi, mdzukulu mmodzi, ndi ife alongo awo awiri. A banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, eni mafakitale amene atumiza maluwa oyera, komanso ophunzira akale amene mwakhala mukulandira alendo ndi kugawa chakudya masiku onse a maliro ano.

Achemwali, zokayesanso zatha. Usani mumtendere.