Mpando wa Chidole

Pa siteji ya basi mumzinda wa Kozhikode, mayi wina anakhala pabenchi n'kukweza pang'ono sari yake, nsalu yaitali yovala azimayi, akusisita mwendo. Mayi wapambali pake analephera kuugwira mtima.

"Pepani achemwali, mitsempha kutupa chonchi ngati mizu, chinachitika n'chiyani?"

"Ntchito, anzanga. Ndimagulitsa m'sitolo ya masari. Kuyambira potsegula mpaka potseka, chiimire. Ukangotsamira khoma, abwana diso tong'o."

"Nanga chilonda chapakakolocho, adokotala akuti bwanji?"

"Akuti ndizikhala pansi, miyendo m'mwamba. Ndinachita kuseka."

"Koma si pali lamulo loti ogulitsa azipatsidwa mipando?"

"Mpando anagula, eya! Wokongola, wakhushoni. Mukudziwa amene amakhalapo? Chidole chapawindo chovala sari yaukwati."

"Chidole? Musandiuze!"

"Akuti chikakhala pansi nsalu imaoneka bwino. Ine ndi amene ndimachipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Miyendo yake see, yopanda ngakhale kamtsempha kamodzi."

"Chipongwe chenicheni chimenecho! Tiyeni, basi ija yafika."

"Muli pokhala?"

"Yadzaza, koma malo oimirira alipo."

"Ipite. Lero ndaimirira zokwana."