Chiguduli Chofiira cha pa Mpopi

Mayi wina wobereka khanda anafika m'tauni ya m'mbali mwa nyanjayi kutada kale. M'mamawa anali pamzere wa mpopi wa pa depoti, pamene mayi wogulitsa nsomba anatulukira n'kukuwa.

"Inu anthu, wachotsa chiguduli pampopi pano ndani?"

"Chofiira chija? Ndine, mayi," anayankha wakhandayo. "Ndinachitaya usiku. Chimanyansa."

"Mwachitaya! Ndinu mlendo eti?"

"Ndabwera dzulo."

"Ndaonera. Kuno nyanja ikadzaza imabweza zonyansa za m'zimbudzi, ndipo paipi ya mpopi uwu inang'ambika chaka chatha. Timamangapo chiguduli kuti munthu asatunge mpaka nyanja itaphwera."

"Za m'chimbudzi? M'madzi akumwa?"

"Nanga ndati za m'munda?"

"A khonsolo sakudziwa zimenezi?"

"Akudziwa bwinobwino. Chigudulicho anatipatsa ndi iwowo."

"Koma madzi ake anali oyera mbee!"

"Ndi mmene amapusitsira alendo. Munatunga?"

"Botolo limodzi."

"Losambira?"

Mlendoyo anacheukira khanda lake kumsana.

"Ndinamusungunulira mkaka mwanayu. Wamwa kawiri."

"Mayo ine! Watsegula m'mimba?"

"M'bandakucha. Ndimayesa ndi mano."

"Mano ati, mwana wanga? Siyani ndowayo! Minibasi iyo ikudzera kuchipatala. Akondakitala, imani, pali mwana apa!"

Mlendoyo anathamanga, patapata imodzi n'kutsala m'matope. Minibasi itanyamuka, wansomba uja anavula duku lake n'kulimanga pampopi, kenako anatembenukira mzere wonse.

"Amene mwatunga kale, kwezani manja."