Agogo Ake Anamuletsa Mankhwala

Ndinadzidzimuka mwana wanga wa zaka zinayi atalavula mankhwala a malungo, n'kunena kuti, "Agogo ati ndi malovu a Satana."

Abale omvera, ine ndinakulira mumpingo woletsa chipatala. Mlongo wanga anafa ndi chikuku ife tikungoimba nyimbo. Ndinatulukamo chaka chomwe tinalandira ufulu, koma mpaka lero ndikaona nesi ndimachitabe mantha.

Mwanayo atalavula mankhwala aja, ndinathamangira kwa amayi, amene ankandisungira ana ndikapita kokatola thonje.

"Amayi, wanu munaika m'manda, mukufunanso wanga?"

"Iwe unatayika kale," anatero. "Ndikupulumutsa adzukulu anga."

Ndinapsa mtima. M'mawa mwake ndinabereka wodwalayo, mwana wanga wamkulu ndamugwira dzanja, mpaka kuchipatala cha ku Tamanda kukabayitsa jakisoni. Tsopano kumunda ndimapita nawo onse awiri. Agogo awo akawafuna, aziwaona ine ndilipo.