Chidole cha Anthu a Kafukufuku

Tinali pamzere wa sikelo ku Kraaifontein, ine dzanja lili pachifuwa pa mwana wanga. Kutsogolo kwanga mayi wa mpango wakuda, khanda kumsana, ankafotokozera mayi wina wachikulire amene anangokumana naye pomwepo.

"Mwana wanga woyamba ndinamugoneka ali bwinobwino, achemwali. Kutacha ndinapeza wazizira. Sanadwale ngakhale chimfine."

"Kalanga ine! Nanga achipatala anati chiyani?"

"Kunabwera a kafukufuku wa makanda ofera kutulo. Misozi isanaume n'komwe, akundipatsa chidole. Ati ndichigoneke pabedi mmene ndinamugonekera Shafii wanga, iwo azijambula."

"Chidole? Kwa namfedwa? Kupanda ulemu kwakeko! Mukanawagenda nacho!"

"Mafunso mbwee! Anagona chafufumimba kapena chagada? Bwanji munagona naye bedi limodzi? Chipinda n'chimodzi, achemwali, mphepo ya Juni ikulowera m'malata. Akanagona kuti, padenga?"

"Ndiye munawathamangitsa?"

"Ayi, ndinachigoneka. Ndinachifunditsanso bulangete lake. Ndinkafuna andiuze chimene chinamutenga."

"Anakuuzani?"

"Chaka chachitatu chino, ati akufufuzabe. Angoti uyu ndizimugoneka chagada, basi. Tandionereni kumbuyoku, wangoti zii. Akupuma?"