Bambo Ezequiel Kamtedza, mlonda wa chuma cha boma ku Matundo

Malemu bambo Ezequiel Jacinto Kamtedza anabadwa m'chaka cha 1937 ku Domwe, m'boma la Angonia. Sukulu anaphunzira pa mishoni mpaka kwarta, kalasi yachinayi, kenaka anaphunzira utelala. Mu 1961 anamanga ukwati woyera ndi mayi Isaura. Nkhondo itafika povuta mu 1986 anathawira ku Dedza, ku Malawi, makina awo osokera ali pamutu, ndipo mtendere utabwera anadzakhazikika kuno ku Matundo mu 1993.

Kuno malemu anadzipatsa ntchito yachiwiri imene sanawalembe munthu, yolondera chuma cha boma. Akamva pa wailesi kuti kukumangidwa mlatho kapena sukulu, ankaimitsa makina n'kufunsa kuti ndalama zake zichokera kuti. Ankatiphunzitsa kuti boma likamamwaza zoposa zimene latolera limasindikiza mametikali ena, ndipo wolira ndi ife pogula mchere. Pa zisankho za 1994 sanaphonye msonkhano wa chipani chilichonse. Konseko ankafunsa funso lomwelo, konseko ankawakhazika pansi, koma sankalephera kubwerako ndi kapulana, chitenje cha chipani chopatsa mayi. Tisabisenso kuti mpopi utachedwa kufika m'dera lathu lino, malemu omwewa ndi amene anatsogolera gulu kukadandaula kuti boma n'loumira.

Ku tchalitchi anali msungichuma wokhulupirika. Poopa kuti zopereka zomangira nyumba ya Mulungu zitha mphamvu zili m'bokosi, anagulira simenti yonse tsiku limodzi, maziko asanakumbidwe n'komwe. Anaisunga m'chisakasa cha udzu. Mvula yoyamba inadontha, matumba onse n'kuuma gwa. Malemu anabindikira m'nyumba ndi manyazi, nsima osaikhudza, akuganiza kuti mpingo uwachotsa. M'malo mwake akhristu ananyamula matumbawo, n'kuwandanda pansi pa mtengo wa masawu ngati mipando, ndipo anapita kukawatenga malemu kwawo ndi nyimbo. Mipandoyo ndi imene timakhalira popemphera mpaka lero. Mtima utakhala pansi, malemu ankakumbutsa aliyense kuti simentiyo ikanagulidwa chaka chotsatira ikanadula kawiri.

Chaka chino anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire. Ku chipatala namwino atawauza kuti tensawu, kuthamanga kwa magazi, yakwera kwambiri, anatembenukira kwa mayi n'kunena kuti, "Nayonso yakwera? Isaura, ndinkanena ine." Anatisiya Lachiwiri masana, atagwira dzanja la mayi, atalangiza kuti matabwa a bokosi akagulidwe tsiku lomwelo, sabata isanatembenuke. Tinawamvera, ndipo dzulo matabwa anakweradi mtengo.

Malemu asiya mayi Isaura, ana awo Marcos, Dulce ndi Gracinda, mlongo wawo Beatriz wa ku Matema, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri.

Kumene apitako kulibe chokwera mtengo. Apumule mu mtendere.